Kukatenga Khulekani

Thupi la Khulekani linafika ku Nquthu m'bokosi lokhomedwa misomali, ndipo analiika kuseri kwa khola la ng'ombe monga timachitira. Koma mwini thupilo sanafike, ndipo aliyense ankadziwa zimenezo. Munthu akagwa ndi chipolopolo kutali ndi kwawo, mzimu wake umatsala pomwe magazi anagwera. Umangoima pomwepo, mvula ndi dzuwa, kudikira kuti abale adzautenge.

Mnyamatayo anaomberedwa ku lokeshoni ina ya ku Joni, tsiku lomwe anthu ankaika maliro a ana asukulu amene anaomberedwanso sabata ya m'mbuyo mwake. Masiku amenewo maliro ankabala maliro. Apolisi anati iye ndiye anayamba kugenda. Ankatero nthawi zonse agalu amenewo, moti ukawamvera ukanayesa kuti ana athu ankabadwa atafumbata miyala.

Mayi ake, MaSibiya, tulo tinawathawa. Akangoti atseke maso ankamuona mwanayo ataima pampanda wa waya, wopanda jekete, nsapato phazi limodzi, akunjenjemera. Ndipo chisanu cha mu 1986 chinali chopanda chisoni.

"Bambo a Khulekani, mwana akuzizidwa," ankatero m'mawa uliwonse, maso ali psuu. "Ine ndafunda bulangete muno, iye ali pamtetete kwa eni. Mukudikira kuti ndipenge kaye?"

Choncho a Nzuza, bambo ake a mnyamatayo, anatsikira kuchigwa n'kukathyola nthambi ya kankhande, mtengo wa minga uja womwe kwathu timati mlahlankosi. Ndi umene timatengera akufa. Umapita nayo nthambiyo pomwe munthu anafera, umamuitana dzina, iye n'kukwera. Kuchokera pamenepo lamulo ndi limodzi, koma ndi lolemera: wonyamula nthambi salankhula ndi munthu wamoyo aliyense mpaka atalowa nayo m'khola la kwawo. Ndi wakufayo angalankhule mmene angafunire. Koma akangoyankha wamoyo, ngakhale kungoti "ee", mzimu umatsika, ndipo pomwe watsikirapo ndi pomwe utsalire.

Anthu atamva kuti onyamula nthambi ndi a Nzuza, ena anaseka chamumtima ngakhale panali pachisoni. A Nzuza kukhala chete? Munthu woti akakumana ndi mbuzi panjira ankaifunsa kuti kunyumba yasiyako bwanji! Fumbi la mumgodi linawadya mapapo, koma lilime linatuluka lamoyo.

"Ndipatse ine nthambiyo," anatero mkulu wawo. "Iwe sufika nayo ngakhale pa siteji ya basi."

"Mwanayu ndinabala ndine," a Nzuza anayankha. "Adzadzuka akamva mawu anga, osati anu."

Wowalankhulira paulendowo anali Gcinile, mwana wawo wamkazi, amene ankachapa ndi kusita kwa azungu ndipo ankachita lendi kachipinda ku lokeshoni komweko. Khulekani ankakhala naye akuphunzira. Ndi Gcinile yemweyo amene anakatola mlongo wake tsiku lija.

Anafika pamalopo m'mawa, chisanu chisanasungunuke paudzu. Panali pakona ya msewu wafumbi, pafupi ndi mpopi wa madzi, m'mbali mwa mpanda wa waya. Mayi wa nyumba ya mpandawo atangoona nthambi anathamangitsira ana ake m'nyumba.

"Ndi apa, bambo, pomwe pali njerwapa," anatero mayiyo. "Ndinathirapo mchenga kuti agalu asanyambite."

A Nzuza anavula chipewa n'kugwada, mawondo akulira. Anakokera nthambi pamchengapo pang'onopang'ono.

"Khulekani. Khulekani mwana wanga, ndine bambo ako. Wazizidwa mokwanira, Mahlobo." Anamutchula ndi mfunda wa banja lawo kuti adziwe kuti womuitanayo si wachilendo. "Dzuka, kwera apa tizipita kwathu. Amayi ako sakugona. Usaope, palibenso woti akuthamangitse. Ine sindikusiya panjira."

A tchalitchi anganene zawo, ophunzira anganene zawo, koma a Nzuza anamva nthambi ija ikulemera m'dzanja. Anaimirira n'kutseka pakamwa.

Pa siteji ya minibasi Gcinile analipira mipando itatu. Woyendetsa, mnyamata wa chipewa chopendeka amene ankatukwana aliyense pasitejipo, atangoona nthambi anazimitsa wailesi.

"Tasunthani mayi inu, apa pakhala atatu," anatero.

Mayi wonenepa wa zikwama zambiri anasuntha osadandaula. Khulekani anamupatsa mpando wa pazenera, bambo ake pakati, Gcinile kumapeto. Ndipo poti kulankhula ndi wakufa n'kololedwa, a Nzuza anapezerapo mpata. Zonse zomwe akanauza anthu a m'minibasimo anazikhuthulira panthambi, monong'ona.

"Tatuluka m'lokeshoni, mwana wanga. Ukuiona milu yachikasu iyo? Dothi limenelo tinafukula ndife, chifuwa changa chinatsala pamenepo. Ee, ndinaiwala kukuuza. Ng'ombe ija unkaitcha Aphunzitsi chifukwa cha maso ake aukali yabereka. Kamwana kake n'kouma mutu ngati iwe, ukakaona udzaseka."

Atafika pa mlatho wa ku Standerton anagwira nthambi ndi manja onse awiri. "Tikuwoloka mtsinje, gwiritsa. Madzi awa si athu, usayang'anemo."

Mayi wonenepa uja anatulutsa mandasi n'kupatsa Gcinile. "Uwapatse bambo akowo. Koma abale, munthu wosalankhula ndinayamba ndamuona, osati wosalankhula wolongolola chonchi!"

Gcinile anaseka, kuseka kwake koyamba chifere mlongo wake. A Nzuza nawo anamwetulira, ndipo mumtima anati ulendo uno uyenda bwino.

Atapitirira Standerton, pamalo popanda mudzi, popanda mtengo, udzu wouma wokhawokha mbali zonse, anapeza migolo itatseka msewu. Pambali panaima galimoto zachikasu za apolisi, zija za waya m'mazenera zomwe timati kwerakwera, poti mawu amene umamva akamakuponyamo ndi omwewo.

"Tsikani nonse! Katundu pansi!"

Anawandandalika m'mbali mwa msewu. Zikwama anazikhuthulira pafumbi: shuga, sopo, zovala za ana, mandasi a mayi uja. Mkulu wa apolisiwo anali mzungu wachinyamata dzina lake Kotze, ndevu zisanamere bwino, akusenda lalanje n'kumaponya makoko kumapazi kwa anthu. Zinkaoneka kuti tsiku lamutalikira. Chizulu ankachidziwa, cha kufamu, chophunzira kwa mayi wakuda amene anamulera kumsana. Anafika pa a Nzuza n'kuima.

"Iwe madala, ukupita kuti ndi nkhuni imeneyo?"

"Bwana, bambo angawa sangathe kuyankha," anatero Gcinile. "Tikupita kumudzi, ku Nquthu."

"Ndafunsa iwe?"

Mbama inalira. Gcinile anagwira tsaya. A Nzuza anayang'ana pansi, mano atawakukuta.

"Ndikunena ndi iwe, boyi. Dzina lako ndani? Uli ndi makutu?"

Apo m'pamene anasendera wapolisi wakuda, sajeni wamimba, dzina lake Gumbi. Anayang'ana nthambi, anayang'ana a Nzuza, n'kuseka kukhosi.

"Musadzivute, bwana. Madalawa si osalankhula ayi. Anyamula munthu."

"Munthu?"

"Wakufa, bwana. Ali panthambipo. Akupita naye kwawo. Akangoyankha inu kapena ine, wakufayo atsika pompano, ulendo wonse wapita pachabe."

Kotze anasiya kutafuna. Nkhope yake inawala ngati ya mwana amene wapatsidwa chidole. "Wakufayo ndani?"

Gumbi anapalasa katundu wa Gcinile ndi nsapato mpaka anatulukira malaya oyera, aja amene anzake a Khulekani anasindikiza pamaliro, okhala ndi nkhope yake pachifuwa. Anawanyamula ndi zala ziwiri.

"Ndi mmodzi wa ogenda aja, bwana."

"Ogo! Ndiye kuti chigawenga chikuyenda pamsewu waboma osamangidwa?" Kotze anawerama n'kuyandikitsa nkhope panthambi. "Moni, chigawenga. Mwala wako uli kuti lero?" Apolisi anzake anaseka. "Gumbi, ukamulankhulitsa madala ameneyu ndikugulira mowa."

Anayamba ndi chikoti. Chinatera kumsana, kumiyendo, pakhosi. A Nzuza anagwada pafumbi koma dzanja la nthambi analikweza m'mwamba kuti isakhudze pansi. Minga ya kankhande imamera iwiriiwiri, wina woongoka wina wokhota, ndipo yonse inali italowa m'chikhatho. Magazi ankatsikira m'chigongono.

"Usaope, mwana wanga," ananong'ona. "Tseka maso. Gwiritsa basi."

"Walankhula!" anakuwa Kotze.

"Ayi bwana, akulankhula ndi wakufayo. Zimenezo siziwerengedwa." Gumbi anafotokoza modekha, ngati mkulu wa mpingo wolongosola malamulo. "Pafunika ayankhe wamoyo."

Anaponya chikoti pansi, n'kunyonyomala pafupi ndi a Nzuza. Anavula chipewa. Mawu ake anafewa ngati a mkamwini.

"Mwati ku Nquthu? Pepani ababa, ntchito ndi ntchito. Inetu ndine wa konko, mwana wa Gumbi wa kutsidya kwa Mzinyathi. Bambo anga muyenera kuwadziwa. Inu ndi a kwa ndani?" Anayang'ana dzina pamalaya aja. "A Nzuza! Mahlobo! Mwaswera bwanji, Mahlobo? Mvula inagwa bwanji kwathu chaka chino?"

Chikoti chinali bwino. Munthu wakutchula mfunda, wakupatsa moni wa kwanu, iwe n'kungomuyang'ana ngati chitsa? A Nzuza chibadwire anali asanachitepo zimenezo. Yankho linakwera lokha mpaka pamilomo. Analuma lilime mpaka anamva mchere wa magazi, ndipo anakhala chete.

Kotze anayasamula. Lalanje linali litatha, ndipo masewerawo anayamba kumutopetsa. Akanakhala yekha akanawaponda kamodzi n'kuwauza kuti azipita, chifukwa sankadziwa pamene pamapweteka. Wodziwa anali wathu yemwe, woyamwa bere ngati lathu, amene tsiku lina adzafunanso kuti wina akamutenge ndi nthambi. Paja galu wa mfumu ndi mfumu ya agalu. Gumbi anali ataseketsa bwana wake, ndipo sanafune kuti kusekako kuthe. Anapita kukamunong'oneza kukhutu. Kotze anamvetsera, kenaka anaomba m'manja.

"Ena nonse kwerani, chokani! Awiriwa atsala."

Woyendetsa minibasi anazengereza. "Bwana, madalawa alipira mpaka ku Dundee, sindingawasiye pathengo."

Apolisi anamuloza ndi mfuti pamphumi. Mayi wonenepa uja anakwera akulira, mandasi ake ali pafumbi, ndipo minibasi inanyamuka.

"Kwera! Kwera!"

Anawakankhira kumbuyo kwa galimoto yachikasu. Pansi pake panali pachitsulo chozizira, ponunkha mkodzo ndi masanzi a anthu ena. Gumbi analowa ndi wapolisi wina, Kotze analowa pomaliza n'kumenya chitsulo kuti woyendetsa anyamuke. Galimoto inapatuka kulowa msewu wa kumafamu. A Nzuza anakhala pakona, nthambi ataikumbatira pachifuwa.

"Talowa m'galimoto, mwana wanga," ananong'ona. "Si yathu, koma usaope. Tingodutsamo."

Gumbi anatulutsa chidutswa cha chubu cha tayala pansi pa mpando. Gcinile atachiona anadziwa, chifukwa ku lokeshoni panalibe amene sanamve za chubu. Anatembenukira kwa bambo ake, maso ali gwa.

"Ababa, musalankhule. Mwamva? Chilichonse angachite, musalankhule. Amayi akudikira."

Anamugwetsa chafufumimba, wapolisi winayo n'kumukhalira pamsana, manja atawapindira kumbuyo. Gumbi anamukokera chubu kumaso, kutseka mphuno ndi pakamwa.

"Nkhani ndi yaing'ono, madala," anatero Kotze, atakhala mwendo pamwamba pa unzake. "Mtsikanayu sitikumudziwa. Mwina ndi chigawenga, mwina ndi hule, ife tingadziwe bwanji? Ungotiuza kuti ndi mwana wako, timusiya. Mawu awiri okha. Kodi ndi mwana wako?"

Gcinile anaphiriphitha. Gumbi anadikira mpaka thupi litayamba kulefuka, n'kumasula. Mtsikanayo anakoka mpweya ndi mkokomo woopsa, anatsokomola, ndipo atapeza mawu anati, "Musa..." Chubu chinabwereranso.

A Nzuza anatseka maso. Kotze anawamenya ndi chigongono kuti atsegule.

"Penya! Wakufa ndi wamoyo, ukusankha uti? Ine sindikuthamangira kulikonse."

Mutu ukakula sulewa nkhonya, amatero akulu. Koma ananena za nkhonya, sananene za izi. A Nzuza anafinya nthambi mpaka minga inafika pafupa. Anaganiza za MaSibiya ndi maso awo ofiira. Anaganiza za lonjezo lawo pampanda uja m'mawa womwewo, lakuti sindikusiya panjira. Anapempha makolo awo onse, mmodzimmodzi, kuti galimoto igubuduzike afe onse limodzi. Galimoto sinagubuduzike.

Kachitatu Gumbi sanamasule msanga. Ankayang'ana bwana wake, kudikira kuti amuuze, koma bwanayo ankayang'ana a Nzuza. Miyendo ya Gcinile inkamenya chitsulo, gu, gu, gu. Nsapato imodzi inavuka n'kugubuduzika mpaka pabondo la bambo ake. Kenaka miyendo ija inayamba kufooka. Phazi lopanda nsapatolo linanjenjemera pang'ono n'kugona.

"Mlekeni!"

Mawuwo anatuluka osokosera, osasa, ngati si awo.

"Mlekeni, bwana! Ndi mwana wanga! Ndi mwana wanga, ndapota nanu, ndi mwana wanga!"

Gumbi anamasula chubu. Gcinile anagona osagwedezeka, kenaka chifuwa chinadumpha, mpweya n'kulowa. Ndipo a Nzuza anamva nthambi ija itapepuka m'dzanja. Inasanduka kamtengo wamba, kouma, kamagazi.

"Watsika, bwana," anatero Gumbi akupukuta thukuta. "Mowa wanga uja."

"Watsikira kuti?"

"Muno momwe. Pomwe madala alankhulira ndi pomwe atsalire. Akanalankhula pamsewu paja, akanabweranso mawa ndi nthambi ina n'kudzamutola. Koma muno?" Gumbi anamenya chitsulo cha galimoto ndi chikhatho. "Muno akamupeza kuti?"

Kotze anaseka mpaka misozi. "Ndiye kuti tapeza wapolisi watsopano! Azikwera nafe. Azitiona tikugwira anzake. Ndipo salandira malipiro!"

A Nzuza anagwada, nthambi akuikokera pachitsulo uku ndi uku ngati wosesa. "Khulekani, bwerera! Bwerera, Mahlobo, ndalakwa ine, kwera msanga, kwera!"

Galimoto inaima. Chitseko chinatseguka. Nsapato ya Gumbi inawapeza m'nthiti, ndipo anagwera paudzu chagada. Gcinile anamuponya pambuyo pawo ngati thumba, nsapato yake n'kumuponyeranso.

"Yendani bwino, Mahlobo," anatero Gumbi. "Mukapereke moni kumudzi."

A Nzuza anadzuka n'kuthamangira galimotoyo, munthu wa mapapo akutha, akuitana dzina la mwana wawo. Anayesa kuwerenga nambala, koma inali yomatidwa matope, monga zinkakhalira zonse masiku amenewo. Inakhota kulowa mumsewu waukulu. Pofika iwo pamenepo migolo inali itachotsedwa, ndipo galimoto zachikasu zinkapita mondondozana kulowera ku Joni, zonse zofanana. Anaima pakati pa msewu mpaka fumbi linatha.

Anabwerera kwa Gcinile. Anali atakhala tsonga paudzu, milomo itatupa, maso ofiira magazi. Anamuveka nsapato ija okha, monga ankachitira ali kamwana.

"Ndinakuuzani kuti musalankhule," anatero mtsikanayo, mawu akutuluka movutikira.

"Unandiuza."

"Mukanandisiya. Mwina akanamasula okha."

"Mwina."

Gcinile analira, akuwamenya pachifuwa ndi nkhonya zopanda mphamvu, kenaka anawakumbatira. Ankawakwiyira, ankawathokoza, ndipo ankadzida yekha kuti akupuma.

Lole ya malasha inawatenga mpaka ku Newcastle, kumene anagona kwa msuweni. M'mawa anakwera basi. Nthambi anali nayobe, chifukwa dzanja linakana kuitaya. Atafika pa mlatho wa Mzinyathi, mtsinje wa kwawo, a Nzuza sananong'one kanthu. Anangoyang'ana madzi. Panalibe woti amuuze kuti agwiritse.

Atatsika basi n'kuyamba kukwera kanjira ka kumudzi, Gcinile anawagwira mkono.

"Ababa, tamvani. Palibe akudziwa. Ndi inu ndi ine basi. Mungotseka pakamwa kuyambira pano, mulowe nayo nthambiyi m'khola monga zimakhalira. Mabalawa ndinena ine kuti anatimenya koma simunalankhule. Amayi agona tulo. Ndapota nanu, Ababa. Mukawauza zoona afa."

A Nzuza anangopitiriza kukwera kanjirako. Gcinile anaona ngati avomera.

Ndipo iwo anaganizadi zotero. Ankakwera phirilo akuzitembenuza mumtima. Bodza lake linali losavuta, losafuna ngakhale liwu limodzi. Kungokhala chete, chinthu chomwe anali atachiphunzira kale ndi chikoti. MaSibiya akanagona, akananenepa, akanaleka kuyang'ana kumsewu. Koma mbuzi ikanaphedwa, makolo akanauzidwa kuti landirani mwana wanu wafika, khomo likanatsekedwa. Kuchokera tsiku limenelo panalibenso amene akanamuyembekeza Khulekani. Iye akanamazungulira m'chitsulo chija, m'malokeshoni a eni, akuonerera ana anzake akuponyedwamo, kwawo anthu akuti ali m'khola. Kumusiya kamodzi anakakamizidwa. Kachiwirika kakanakhala kufuna kwawo.

Pakhomo anali atasesa mpaka kumpanda. Mowa unali utapsa, fungo lake linkamveka kuchokera kunjira. Mbuzi yoyera inali yomangidwa pakhomo la khola. Abale anakhala chete m'mbali mwa nyumba, amuna zipewa zili m'manja, ndipo mkulu wawo wa a Nzuza ataona nthambi anagwedeza mutu mogoma, kuti kani mlongolodzi uja wakwanitsa. Ataona mabala, anthu anayang'anana, koma palibe anafunsa. Wonyamula nthambi safunsidwa.

MaSibiya anaima pachipata, atavala zakuda, m'manja atanyamula bulangete la Khulekani lopindidwa bwino. Sanayang'ane mwamuna wawo, sanayang'ane nkhope yotupa ya Gcinile. Maso awo anali panthambi. Nkhope yawo, yomwe inali itauma miyezi yonseyi, inamasuka.

"Wafika mwana wanga," anatero motsitsa. "Lowa, Mahlobo. Lowa, bambo wanga, kunja kukuzizira. Ndakusungira bulangete lako."

Gcinile anafinya mkono wa bambo ake. Khola linali pafupi, mbuzi inkawayang'ana. Kunangotsala kudutsa pabwalo.

A Nzuza anaima pachipata pomwepo. Anavula chipewa.

"Tafika, MaSibiya," anatero. "Mwatsala bwanji kuno?"

Mkulu wawo anagwetsa chipewa. Mayi wina kuseri kwa nyumba anayamba kulira, wina n'kumutseka pakamwa. MaSibiya anayang'ana pakamwa pa mwamuna wawo, anayang'ana nthambi, anayang'ananso pakamwa. Sanakuwe. Anangokumbatira bulangete lija molimba.

"Mwamusiya kuti?"

"M'galimoto ya apolisi."

"Iti?"

"Yachikasu."

"Zonse ndi zachikasu, bambo a Khulekani. Ndikufunsa kuti iti. Yapita kuti?"

A Nzuza, munthu amene chibadwire sanasowepo chonena, anatsegula pakamwa. Anthu onse anadikira. Anayang'ana kumsewu kumene anachokera, anayang'ana dzanja lawo lotupa ndi minga.

"Sindikudziwa," anatero.

MaSibiya anagwedeza mutu pang'onopang'ono. Anadutsa pakati pa mwamuna wawo ndi mwana wawo wamkazi osakhudza aliyense, n'kutuluka pachipata. Anatsika kanjira kaja mpaka kumsewu waukulu, bulangete lili m'manja, ndipo anakakhala pamwala wa pa siteji ya basi, nkhope italoza komwe kumachokera magalimoto.

Mbuzi ija anaimasula madzulo, chifukwa inali ndi ludzu.